Demio pa Khwekhwerere: galimoto yaing'ono ingapirire mpaka pati pakona?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wa ku Lilongwe. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Akulu, ndili ndi Mazda Demio ya 2010 yomwe ndinaitanitsa ku Japan. Ndikamapita kunyanja ndimakonda kudzera msewu wa Khwekhwerere chifukwa makona ake amandikomera. Ulendo wapitawu, potsika, pakona ina yakuthwa matayala analira. Ndinakhotetsa chiwongolero koma galimoto inangopitirira ngati sikumva, mpaka ndinadumpha mzere wapakati. Mwamwayi kunalibe galimoto yochokera kumunsi. Anzanga akuti ndiitsitse, ndiike malimu akuluakulu ndi matayala otambalala. Kodi zithandiza? Nanga munthu angadziwe bwanji malire a galimoto yake asanawapyole?"

Zikomo achimwene. Ulaliki wa kuthamanga si kufika munaumva kale kwa amayi anu ndi kwa apolisi apamsewu, ndiye ine sindiubwereza. Kona yokhotedwa bwino imakoma, ndipo amene amakana zimenezi sanayendetsepo galimoto pamsewu wokhotakhota m'mawa kuli zii. Koma funso lanu lili ndi msampha. Mukufunafuna malire a galimoto, pomwe pamsewu ngati umenewo mumapyola malire ena musanafike n'komwe pa malire a Demio. Tiyambe ndi zomwe zinakuchitikiranizo.

Galimoto yonse, ndi anthu ndi katundu, imakhudza msewu pamalo anayi okha, ndipo malo aliwonse kukula kwake sikusiyana kwenikweni ndi chikhatho chanu. Kuima, kukhota ndi kukoka zonse zimadutsa pamenepo. Mphamvu yogwira msewu ya tayala ili ngati malipiro a pamwezi: ndi amodzi omwewo, ukagula matumba a chimanga ochuluka, ya lendi yaperewera. Tayala likamagwira ntchito ya buleki, yotsala yokhotera imachepa. Pa Demio, ngati pa Vitz, Fit, Note ndi Passo zambiri zomwe zadzaza m'misewu yathu, matayala akutsogolo ndiwo amasenza injini, ndiwo amakoka, ndiwo amakhota, ndiponso ntchito yaikulu ya buleki ili pa iwo. Mukalowa pakona ndi liwiro lochuluka phazi lili pabuleki, akutsogolowo amayamba kugonja, mphuno ya galimoto n'kumapita kunja kwa kona ngakhale chiwongolero mwachikhotetsa. Okonda mipikisano amati understeer. Opanga galimoto amachita dala kuti galimoto wamba izigonja motere, kuyambira kutsogolo, chifukwa munthu akachita mantha amachotsa phazi pamoto, liwiro n'kutsika, matayala n'kugwiranso. Ndiye Demio yanu sinachite zachilendo. Inachita zomwe anaipangira, ndipo inakuchenjezani ndi kulira kuja.

Chomwe anthu ambiri sachimvetsa ndi momwe liwiro limadyera mphamvu imeneyi. Tiyerekeze kona yomwe, itati ipitirire kuzungulira, ingapange bwalo la mamita 50 kuchokera pakati kufika m'mphepete. Pa 40 km paola, matayala amafunika kugwira ndi mphamvu yofanana ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa galimoto. Pa 60 akufunika kuposa theka. Pa 70 afika pa magawo atatu mwa anayi. Pa 80 akufunika mphamvu yofanana ndi kulemera konse kwa galimoto. Onani kuti liwiro langowirikiza kawiri, kuchoka pa 40 kufika pa 80, koma ntchito ya tayala yawirikiza kanayi. Tayala wamba labwinobwino pa phula louma ndi loyera limatha kupereka pafupifupi magawo 7 kapena 8 mwa 10 a kulemerako. Ndiye pakona yathu yoyerekezayi, pa 60 mumadutsa mukuimba mluzu, pa 70 muli m'mphepete mwa phompho. Kusiyana kwa 10 km paola pa galimoto yamakono simukumva n'komwe m'thupi, makamaka potsika mtsetse nyimbo zikulira. Kukagwa mvula, kona yomweyo malire ake amatsikira pafupi ndi 50. Pakakhala mchenga umene madzi akokolola kuchokera m'phiri, amatsika kuposa pamenepo, ndipo palibe chikwangwani chokuuzani.

Apa ndiye pali yankho loyamba la funso lanu lachiwiri lija. Malire a galimoto si nambala imodzi yomwe mungailoweze. Amasintha kona ndi kona, m'mawa ndi madzulo. Lole yomwe inadutsa ola lapitalo ikudontha dizilo yawasintha kale. Anzanu anayi a makilogalamu 70 aliyense, kuwonjezapo bokosi la zakumwa kubuti, aika makilogalamu oposa 280 pa galimoto yomwe payokha imalemera pafupifupi tani imodzi. Imeneyo si Demio yomwe mumayendetsa nokha popita kuntchito.

Khwekhwerere ilinso ndi vuto lake lapadera, lomwe mulipezanso pa Chiweta ku Rumphi ndi potsikira ku Chikwawa pa Thabwa: kutsika. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500. Gawo lalikulu la kusiyana kumeneko mumalitsika pakati pa Masasa ndi Golomoti. Mukatsika muli pa D phazi lili pabuleki njira yonse, mtunda wonsewo umasanduka moto m'mabuleki. Mafuta a buleki amayamwa chinyezi m'kupita kwa zaka. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira mpaka kutentha kufike madigiri 205, koma akayamwa madzi amatha kuwira pa 140. Akawira, pedulo imafewa n'kumira pansi popanda chochitika. Ndifunse: kuchokera pomwe galimotoyo inatsika sitima, mafuta amenewa munawasinthapo? Ambiri a ife timathamangira oyilo wa injini basi. Potsika ikani giya pa S kapena L, pa Toyota zina palembedwa B, injini igwire galimoto. Idzalira mokweza, koma siikuwonongeka.

Mphuno ikayamba kupita kunja, dzanja limafuna kuwonjezera kukhotetsa. Musatero, chifukwa tayala lomwe laterereka kale silimvera chiwongolero chowonjezera. Chepetsani liwiro mofatsa, bwezani chiwongolero pang'ono kuti matayala agwire, maso akhale komwe mukufuna kupita osati kuphompho. Mofatsa ndatero dala. Mukachotsa phazi pamoto mwadzidzidzi kapena kumenya buleki pakatikati pa kona, kulemera kumathamangira kutsogolo, matayala akumbuyo amapepukidwa, ndipo galimoto yaifupi ngati yanuyi imatha kuponya matako kunja n'kuzungulira. Kumeneko ndiye kovuta kubweza, ngakhale kwa odziwa.

Pali chipangizo chomwe chimabweza galimoto ikayamba kutero, pogwira buleki ya tayala limodzi palokha mwachangu kuposa phazi la munthu. Toyota amachitcha VSC, Honda VSA, Nissan VDC, Mazda DSC. Mbiri yake ili ndi phunziro kwa inu. Mu 1997 magazini ya ku Sweden yotchedwa Teknikens Värld inayesa Mercedes-Benz A-Class yatsopano poikhotetsa mwadzidzidzi, ngati mmene munthu amazembera nyama yomwe yadumphira pamsewu n'kubwerera kumbali yake. Pa liwiro la pafupifupi 60 km paola, galimoto inagubuduzika. Mercedes anaimitsa kaye malonda, anakonza masipuling'i ndi matayala, n'kuika chipangizochi pa A-Class iliyonse. Tsono ganizirani: akatswiri okhala ndi mabwalo awoawo oyesera galimoto anadzidzimuka ndi malire a galimoto yomwe anaipanga okha. Inu ndi ine tikufuna kuwapeza Loweruka masana pamsewu wodutsa anthu? Ku Ulaya chipangizochi chinakhala chokakamiza pa galimoto zonse zatsopano mu 2014. Ku Japan lamulo linayamba mu 2012 pa mitundu yatsopano ndipo linafikira inayo mu 2014. Demio ya 2010 ikhoza kukhala ilibe. Tsegulani kiyi osaliza injini, muyang'ane magetsi a padeshibodi: ngati palibe kachithunzi ka galimoto kokhala ndi mizere iwiri yokhotakhota kunsi kwake, dziwani kuti muli nokha.

Tsopano gwadani pafupi ndi tayala lakutsogolo, mupukute fumbi m'mbali mwake, muwerenge. Galimoto zina zimachoka ku Japan zitavala matayala a nyengo ya chipale. Mudzaona mawu akuti STUDLESS, kapena maina ngati Blizzak, iceGUARD, Winter Maxx, ndipo pamwamba pake pali timing'alu tambirimbiri topyapyala tokhotakhota. Amaoneka onona, mano ake akuya, moti wogula amasangalala kuti wapeza matayala atsopano. Koma rabala yake ndi yofewa, anaipangira kuzizira. Pa phula lotentha la ku Golomoti mu Okotobala imapindika pakona, imalira msanga, ndipo pamvula imatalikitsa mtunda woimira. Ndikukayikira kwambiri kuti nkhani yanu ingakhale ili pamenepa. Fufuzaninso manambala anayi omwe amakhala m'kabokosi kozungulira: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2316, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya 2016. Tayala lokalamba limauma ngakhale mano alipo, ndipo a kaunjika ambiri omwe amapakidwa polishi n'kumawala pamsika ali m'gulu limeneli. M'mizere ya tayala muli timizere topingasa tosonyeza mamilimita 1.6, mano akafanana nato, latha, ndipo pamvula limakhala litayamba kale kufooka lisanafike pamenepo. Mpweya tsatirani zomwe zalembedwa pachitseko cha dalaivala, osati zomwe mnyamata wopopa wazolowera kuika pa galimoto iliyonse.

Chinthu china chomwe amakaniko ambiri amatsutsa: mukagula matayala awiri okha atsopano, opanga matayala amalangiza kuti apite kumbuyo. Kutsogolo kukaterereka muli ndi chiwongolero ndi phazi zokuthandizani. Kumbuyo kukaterereka mulibe chogwira.

Nanga malangizo a anzanu aja? Kutsitsa galimoto kuli ndi nzeru yake, pakuti galimoto yotsika siyendamira kwambiri pakona. Koma kutsitsa komwe kumachitika m'magalaja ambiri ndi kudula masipuling'i ndi chopukusira. Mashoko amatsala opanda mpata wogwirira ntchito, ndipo pakona yokhala ndi mabampu tayala limadumpha m'malo motsatira msewu. Tayala lomwe lili m'malere siligwira kanthu. Onjezanipo mahampu a m'tauni, ndi maenje omwe amapinda limu lalikulu n'kutupitsa tayala lopyapyala tsiku limodzi. Tingoyerekeza kuti mwachita zonse mwaukadaulo, mwagula zida zenizeni, malire a pakona yathu yoyerekeza ija akwera kuchoka pa 67 kufika pa 75 km paola. Mwapindulanji? Tsiku loterereka mudzaterereka pa liwiro lokwera, ndi mphamvu yowombera yochuluka, ndipo matayala otambalala olimba m'mbali sachenjeza nthawi yaitali ngati ang'onoang'ono aja. Amagwira, amagwira, kenaka amangosiya. Pamchenga ndi padizilo alibe kusiyana kwenikweni ndi enawo. Ndiye yankho langa ndi lakuti ayi, osati pa galimoto iyi ndi misewu iyi.

Ndafika pa chomwe ndimafunitsitsa kukuuzani. Pamsewu wa aliyense, malire oyamba si matayala. Ndi maso anu.

Pa 70 km paola mumayenda mamita 19 pa sekondi iliyonse. Munthu watcheru amatha pafupifupi sekondi imodzi kuchokera poona chinthu kufika poponda buleki, ndipo ambiri amaposa pamenepo. Mamita 19 apita. Kuima kwenikweniko pa phula louma, pamalo oongoka ndi osatsetsereka, kumafuna mamita ena 27 kapena 28. Zonse pamodzi zikuyandikira mamita 50, ndipo pakona yotsika ndi ochuluka kuposa apa chifukwa matayala atanganidwa kale ndi kukhota. Pa 50 km paola mtunda wonsewo ndi wosakwana mamita 30. Tsono pa makona a m'phiri, pomwe thanthwe kapena udzu wa m'dzinja watchinga mkati mwa kona, mumaona patali bwanji? Nthawi zambiri mamita 30 kapena 40. Ndiye kuti pali liwiro lomwe Demio ikhoza kukhota bwinobwino osalira n'komwe, koma lomwe simungathe kuima nalo pa mtunda umene mukuona. Mukhoza kudutsa motero maulendo makumi angapo n'kumadziona katswiri, pomwe chomwe chakhala chikukupulumutsani ndi chakuti kuseri kwa kona kunalibe kanthu.

Ndipo tonse tikudziwa zomwe zimakhala kuseriko. Bambo akukankha njinga yosenza matumba atatu a makala, otambalala kuposa iye mwini, thupi lonse lapendekera panjingayo, mutu uli pansi, sakuona ngakhale kumva kanthu koma mpweya wake. Lole yofera pamtunda, mwala uli kutayala, chenjezo lake ndi nthambi zamasamba zomwe kondakitala waponya pamsewu masitepe khumi okha kumbuyo kwake. Mbuzi. Ana ochokera kusukulu atayanjana atatu. Wakabaza wanjinga yamoto akudula kona kumbali yanu. Minibasi ikupitirira lole pamzere wosadukiza chifukwa dalaivala watopa kuyenda pa giya yoyamba. Bungwe la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Bambo wamakala uja sanavomere kulowa nawo mpikisano wanu, ndipo alibe lamba kapena chitsulo chomuteteza.

Mavidiyo a pa YouTube amasokoneza apa. Mumaona munthu akuyambira kunja kwa kona, kudula mkati, n'kutulukiranso kunja, msewu wonse uli wake. N'zoona, imeneyo ndiyo njira yachangu. Koma pabwalo la mipikisano la Nürburgring ku Germany, komwe munthu wamba amalipira n'kuzungulira makilomita oposa 20 ndi galimoto yake, onse amalowera mbali imodzi ndipo kulibe mbuzi. Pa Safari Rally ya ku Kenya, yomwe inabwerera mu mpikisano wa dziko lonse mu 2021 kudera la Naivasha, njira amatseka, galimoto ili ndi zitsulo zotchinga mkati, ndipo pambali pa dalaivala pamakhala mnzake akumuwerengera kona iliyonse asanaione. Kutengera njira yodula ija pa Khwekhwerere ndi kuika theka la galimoto yanu m'njira ya lole yomwe simukuiona.

Apolisi a ku Britain amaphunzitsa madalaivala awo lamulo lomwe ndimaliona kuti ndi lanzeru kuposa zida zonse za m'shopu: uzitha kuima, kumbali yako ya msewu, pa mtunda womwe ukuona kuti palibe kanthu. Ali ndi njira yoyezera. Mukamayandikira kona, yang'anani patali pomwe mbali ziwiri za msewu zikuoneka ngati zakumana. Malo amenewo akamabwera kwa inu, kona ndi yakuthwa kuposa liwiro lanu, pitirizani kuchepetsa. Akayamba kuyenda nanu limodzi, osayandikira osatalikira, liwiro lakwana, ligwireni pomwepo ndi moto pang'ono. Akayamba kukuthawani, kona ikutseguka, pondani. Buleki yonse ithere pamalo oongoka musanakhotetse. Chiwongolero chikhote kamodzi, mosalala, osati modukizadukiza. Mukayesa izi mudzadabwa kuti pali ntchito yokwanira kudzaza mutu wonse, ndipo kukoma kuja mumakufuna kuli momwemo: kuwerenga msewu molondola, kusankha giya nthawi yake, kutuluka pakona mwamphamvu m'malo molowa mwamphamvu. Dalaivala wabwino mumamudziwira pa anthu a kumpando wakumbuyo, mitu yawo siigundana ndipo sasiya nkhani yawo. Kulira kwa matayala si umboni wa luso. Ndi tayala likukuuzani kuti zonse zomwe linali nazo mwatha, ndipo chodzidzimutsa chikabwera lilibe chowonjezera.

Kwa owerenga a Sienta, Freed, Noah ndi Voxy, nkhani yanu ndi yoopsa mwa mtundu wina. Galimoto zazitali msinkhu zodzaza anthu siziterereka kokha, zimagubuduzika, makamaka tayala likagwera kunja kwa phula pomwe m'mphepete mwadyeka n'kusiya sitepe. Zikatero musakoke chiwongolero kuti mubwerere msanga. Gwirani mowongoka, liwiro litsike, mubwerere pang'onopang'ono.

Kumva galimoto ikuterereka ndi phunziro labwino, sindikukana, bola malo ake. Mukadzapezeka ku Joni, bwalo la Zwartkops kufupi ndi Pretoria limakhala ndi masiku olola galimoto wamba komanso maphunziro a pamalo oterera, ndipo ku Cape Town kuli Killarney. Kuno kwathu, chomwe mungachite ndi kupeza malo aakulu athyathyathya opanda anthu, mwini wake atavomera, n'kuyesa chinthu chimodzi pa 40 km paola: kumenya buleki ndi mphamvu zonse. Pedulo idzanjenjemera n'kumalira gudugudu pansi pa phazi. Imeneyo ndi ABS, chipangizo choletsa matayala kumangika pomenya buleki, ikugwira ntchito, ndipo anthu ambiri akaimva koyamba pangozi amachotsa phazi poganiza kuti china chathyoka. Ndi bwino phazi lanu liidziwiretu.

Ndalama ya malimu ija igawireni motere: matayala anayi a mtundu umodzi, a saizi yomwe Mazda analemba pachitseko, atsopano enieni osati opakidwa polishi. Kenaka makaniko aone mashoko ngati akudontha mafuta ndi mabushi ngati ang'ambika, asinthe mafuta a buleki, mukapangitse alaimenti. Ikatsalako, thirani petulo. Ndipo mundilemberenso, mundiuze dzina lomwe lalembedwa pa matayala anuwo ndi manambala anayi aja, tayala lililonse palokha, chifukwa galimoto zambiri zoitanitsa zimafika ndi matayala osiyana zaka.